Gowelo la Munthu Mmodzi

Alhaji Sumani Mdoka, amene anapuma ntchito ya kunjanji ali kapitawo, anafika tsiku lina masana kwa Shehe Jafali Chikwenga, mphunzitsi wa madarasa pa mzikiti waung'ono umene uli kuseri kwa msika wa Ulongwe. Nthawi ya swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka, inali isanakwane. Anavala mkanjo woyera wosita bwino, ndipo m'thumba la mkanjowo munali loko watsopano.

Nkhani imene anabwera nayo inali ya mdzukulu wawo, Che Idrisa. Mayi a mwanayo, Abiti Lemani, ndi mwana wa mlongo wawo wa Alhaji, ndipo popeza bambo a mwanayo ali ku Joni, zonse za pakhomopo zimadikira mawu a Alhaji monga mwini mbumba. Iwo ndi munthu wa dongosolo. Njanji inawaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chili ndi nthawi yake ndi njira yake, ndiponso kuti chikangochoka m'njiramo chimapha anthu. Pakhomo pawo khasu lili ndi pokhala pake, tsache lili ndi pake, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti akulu akamalankhula iye akhale pansi. Pa zimenezi palibe angawadzudzule. Ana ambiri masiku ano akuonongeka chifukwa palibe wowauza nthawi yogona ndi nthawi yodzuka.

Pa tchuthi chachikulu cha chaka chimenecho Alhaji anapereka mwanayo ku jando. Anali asanakwanitse zaka khumi, koma masiku ano ana amapita ali anthete, chifukwa makolo amafuna kuti zithe sukulu isanayambe kulimba. Atatuluka anamuveka zovala zatsopano, anamutcha dzina lachikulu, ndipo anamuuza zimene mnyamata aliyense amauzidwa: kuti tsopano ndi mwamuna, kuti kuchipinda kwa mayi ake sadzapondakonso, ndi kuti m'nyumba ya mayi ake sazigonamonso. Alhaji sanafune kuti mawuwo angothera m'malere. Anamumangira gowelo, kanyumba kogonamo anyamata, kumapeto kwa bwalo pafupi ndi khola la mbuzi. Silinali la udzu ngati la makedzana. Linali la njerwa zootcha, la malata, la chitseko cha matabwa, ndipo mkati anaikamo bedi ndi neti ya udzudzu. Anthu odutsa ankaima n'kumaliyamikira.

Koma kuyambira pamenepo mwanayo anasintha. Aphunzitsi a kusukulu anatumiza uthenga kuti akumagona pa desiki. Masura a m'buku lopatulika amene analoweza kale ku madarasa anayamba kumusokonekera. Maso anafiira, chakudya ankangochitosa, ndipo tsiku lina anamenya kamlongo kake popanda chifukwa chomveka. Chimene chinawawa Alhaji koposa chinali chakuti m'bandakucha, popita kumzikiti, ankamupeza atadzipinda pakhonde la nyumba ya mayi ake, msana atatsamiza kuchitseko. Anamulangiza. Anamukumbutsa mawu a anakanga, alangizi a ku jando. Tsiku lina anamuthyapa ndi kamtengo. M'mawa mwake anamupezanso pomwepo. Apo m'pamene anapita kusitolo kukagula loko.

Alhaji anapeza Shehe Chikwenga atakhala pansi pakhomo pa chisakasa cha madarasa, akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete. Shehe ndi munthu amene anaphunzira zaka zambiri kunja, ndipo mashehe anzawo amachokera kutali kudzawafunsa nkhani zovuta za maukwati ndi za chuma cha masiye, koma singano ndi ulusi sapatsa munthu wina. M'chisakasamo ana anali atakhala m'mizere, akubwereza mokweza sura imene anawapatsa, mawu awo akukwera ndi kutsika pamodzi.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Alhaji. Pepani, mwandipeza ndikulimbana ndi mkeka. Asilamu a kuno mawondo awo ndi akuthwa."

"Ndiye kuti akuswali," anatero Alhaji.

Shehe anaimirira, anatenga mpando wokhawo umene unalipo, anaupukuta ndi dzanja n'kuupereka kwa mlendo wawo, iwo n'kubwerera pansi. Anafunsana za moyo, za kutentha, ndi za mvula imene inali kuchedwa. Kenaka Alhaji anasuzumira m'chisakasa, ndipo mawu amene anakonza m'njira anawathawa. Kumbuyo kwa mzere womaliza kunali mwana atagona chammbali, atafunda mpango wa mizeremizere mpaka m'mapewa.

"Shehe, kodi wagona apoyo si mdzukulu wanga?"

"Ndi iyeyo, Alhaji."

"Nanga mpango wafundawo si wanu?"

"Ndi wanga. Ntchentche zimamuvutitsa."

Alhaji anayesetsa kuti mawu awo atuluke mwaulemu.

"Mundikhululukire, Shehe. Ine sindinaphunzire ngati inu. Koma m'masiku athu mwana akagwetsa mutu pa madarasa, mwalimu ankamudzutsa ndi ndodo, osati kumufunditsa. Ife timatumiza ana kuno kuti adzaphunzire mawu a Mulungu. Pogona ali napo kunyumba, ndipo ndinamanga ndine."

"Ndinaliona gowelolo," anatero Shehe. "Ndi labwino kuposa nyumba yanga."

"Ndiye mundimvetsa."

Alhaji anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira za kusukulu mpaka za pakhonde. Atamaliza anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa loko uja n'kumuika pa mkeka patsogolo pa Shehe.

"Kuyambira lero ndizikhoma chitseko chake kunja, ndipo ndizitsegula ndekha m'bandakucha popita ku swala ya Subuhi. Koma sindikufuna kuti aone ngati ndi nkhanza za nkhalamba. Ndabwera kuti mumudzutse, mumuuze pamaso panga kuti zimene akuchitazi ndi tchimo, ndiponso kuti loko uyu akugwirizana ndi chipembedzo. Inu amakumverani."

Shehe anatola lokoyo, anamutembenuza m'manja.

"Ndi wolimba."

"Sindigula zinthu za masewera."

"Ndisanayankhe, Alhaji, ndiloleni ndikuonetseni kanthu. Ana osinza pa madarasa ndili nawo ambiri. Wa malaya ofiira uyo amachedwa ku kanema kumsika. Wapakona uyo amabisa foni ya mkulu wake m'bulangete. Pali wina amene amadzutsidwa tambala asanalire kuti akathandize mayi ake kukazinga mandasi. Onsewo ndimawadziwa, ndipo makolo awo ndinalankhula nawo mosabisa mawu. Amenewo akasinza, phokoso ndi limene limawadzutsa, ndipo anzawo akakhala chete m'pamene tulo timakoma. Tsopano taonani wanuyu."

Shehe anakweza dzanja. Ana onse anasiya kuwerenga pakati pa ndime, ndipo m'chisakasa munangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa. Nthawi yomweyo Che Idrisa anadzidzimuka. Anakhala tsonga, maso ali tong'o, dzanja likufufuza pambali pake mpaka linagwira mwendo wa mnzake amene anali patsogolo. Ataona kuti anzake onse alipo, mapewa ake anatsika. Agogo ake sanawaone, chifukwa mpando wawo unali kuseri kwa mzati. Shehe anatsitsa dzanja, ana anayambiranso, ndipo pasanapite nthawi mutu wa mwanayo unapendekeka, thupi n'kutsetserekera pansi, dzanja likadali pa mwendo wa mnzake uja.

"Ndayesa zimenezi kangapo, ndipo zimachitika chimodzimodzi," anatero Shehe motsitsa mawu. "Mwana uyu si waulesi. Akugona pano chifukwa ndi pokhapa pamene akumva anthu pafupi naye."

Alhaji anayang'anabe dzanja la mwanayo, kenaka anawongola msana.

"Ndiye kuti ndi wamantha, ndipo mantha ndi amene jando amachotsa. Ine nditatuluka ku ndagala, kumsasa wa jando kuja, tsiku lomwelo ndinakalowa m'gowelo. Pakhonde la mayi anga sanandipezepo ndi tsiku limodzi lomwe."

"Ndikukhulupirirani. Munali wamkulu bwanji nthawi imeneyo?"

"Mawu anali atayamba kukula. Ndinkalima ndime yangayanga."

"Nanga gowelo lanu linali la malata?"

Alhaji anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sanakonzekere.

"Malata tikanawaona kuti? Linali la mitengo ndi udzu. Mvula ikagwa madzi ankadontha pena paliponse, ndipo nsikidzi zinali ngati abale athu."

"Munkagonamo ndi yani?"

Funsolo linali lophweka, ndipo Alhaji anayamba kuliyankha ngati munthu wotchula masiteshoni a sitima. Munali Che Wadi, mkulu wawo wa bere limodzi. Munali Che Matemba, mwana wa amalume, amene ankaliza mkonono ngati chigayo. Munali Che Bakali, amene ankaitana mbuzi ali m'tulo, anzake n'kumamuyankha ngati mbuzi mpaka adzuke atakwiya. Munalinso mnyamata wina wa kwa Kalembo amene anabwera kudzacheza pa ukwati, kenaka osabwereranso kwawo. Potchula mainawo mawu a Alhaji anayamba kufewa, ndipo anayamba kuwonjezera zimene sanafunsidwe: mmene ankalimbirana bulangete m'mwezi wa Juni, mmene ankabisira chinangwa chootcha m'denga, ndi mmene ankachezera mumdima, wina akusiya kuyankha, kenaka wina, mpaka wotsala yekha azindikire kuti akulankhula ndi anthu ogona.

"Ali kuti onsewo tsopano?" anafunsa Shehe.

"Che Matemba tinawaika chaka chatha. Che Bakali ali ku Mangochi kwa mwana wawo, maso anafa. Wa kwa Kalembo uja Mulungu anamutenga kalekale."

"Nanga Che Wadi?"

Alhaji anayang'ana kumsewu, kumene minibasi inali kuitanira anthu a ku Liwonde.

"Achimwene anapita ku migodi ya ku Joni ine ndikadali mnyamata. Anatchona. Sitinamve ngati anamwalira kapena ali moyo. Mayi anamwalira akuyang'ana kumsewu. Ine nditayamba ntchito ya kunjanji ndinkayang'ana nkhope ya mwamuna aliyense wotsika sitima, mpaka ndinapuma ntchito."

Shehe anabaya singano mu mkeka kuti isatayike, n'kufunsa:

"Tsiku loyamba kugona m'gowelo mukulikumbuka?"

Alhaji anafuna kunena kuti zinthu za kale choncho munthu sangazikumbuke. Koma iwo si munthu wonama, ndipo anali pabwalo la mzikiti.

"Ndikulikumbuka," anatero. "Sindinagone. Nyumba ya mayi inali pafupi, moti ndinkawamva akutsokomola, koma inali ngati ili kutsidya kwa Shire. Ndinalira mosatulutsa mawu, kuopa kuti anzanga andiseka. Achimwene anamva. Sanandifunse kanthu. Anasendera pafupi, anandipatsa msana wawo kuti nditsamire, ndipo anandiitana motsitsa ndi dzina langa la paubwana, limene anatiuza kuti latsala ku ndagala."

"Linali dzina lanji?"

"Kandulu."

Dzinalo linatuluka movutikira. Alhaji anakonza chisoti chawo ngakhale chinali chitakhala bwino.

"Chikwerereni basi achimwene, palibe wandiitanapo choncho," anatero.

"Nanga Che Idrisa amatsamira msana wa yani?"

Alhaji atayankha, mawu awo anali atalimbanso.

"Anyamata kulibe, Shehe. Mukudziwa nokha. Amsinkhu wake ena ali m'tauni ndi makolo awo, ena anatsatira abambo awo ku Joni. Amene atsala makolo awo amawagoneka pabalaza, pafupi ndi alongo awo, mwambo anautaya kalekale. Ine sindingautaye. Ndikautaya ine, pa mbumba yathu watha. Kodi mukufuna ndimubweze kwa mayi ake, anthu azinena kuti mdzukulu wa Alhaji Mdoka anavinidwa koma akugonabe kwa amake?"

"Ayi, Alhaji, sindinatero. Chipembedzo chathu nachonso chimafuna kuti ana akamasinkhuka asiyane pogona, aliyense pa mphasa yake. Pamenepo mwambo wanu ndi chipembedzo zikuyenda njira imodzi, ndipo ine ndili kumbali yanu. Koma ndafufuza m'zimene ndinaphunzira, ndipo sindinapeze pamene pakuti mwana atsekeredwe yekha mumdima. Tulo ndi mphatso imene Mulungu anapatsa wamkulu ndi wamng'ono yemwe, koma wamng'ono amatifuna koposa. Mwana amakula ali m'tulo, ndipo zimene waloweza masana zimakhazikika ali m'tulo. Mukamukhomera kunja, pakhonde simudzamupezanso, zimenezo n'zoona. Koma kugona sadzagona. Azidzangokhala kuseri kwa chitseko kudikira kulira kwa kiyi wanu. Ine sindingaime pamaso pa mwana n'kumuuza kuti loko uyu ndi wa Mulungu. Ndikhala ndanama, ndipo iye akadzakula adzadana ndi lokoyo pamodzi ndi swala."

Alhaji anayang'ana pansi. Palibe munthu amene anawakanizapo chinthu maso ndi maso kuyambira pamene anapatsidwa ukapitawo, koma sanapeze polowera kuti akwiye, chifukwa wowakanizayo anali atakhala pansi, iwo ali pampando.

"Abiti Lemani akuti chiyani pa nkhaniyi?" anafunsa Shehe.

"Ndi mwana womvera. Satsegula chitseko."

Anati akhale chete, koma panali chinthu chimene chinkawavuta mumtima, ndipo anaona kuti ndi bwino achinene.

"Kamlongo kake ka Che Idrisa kanandiuza kuti mayi awo amachotsa mphasa kuchipinda n'kukayala kuseri kwa chitseko, mkati. Mwana kunja, mayi mkati, thabwa lili pakati. Satsegula, salankhulana. Masana ndimamuona akusinza ndi lichero m'manja. Ndinkati nkhani ya mwanayu ikatha ndimudzudzulenso iyeyo."

"Mwambo sanauphwanye," anatero Shehe.

"Sanauphwanye," anavomera Alhaji.

"Ndili ndi funso lina, ndipo mundikhululukire chifukwa ndi la m'nyumba mwanu. Pobwera kuno kudzatsegula mzikiti m'bandakucha ndimadutsa kuseri kwa nyumba yanu. Wailesi imakhala ikulankhula."

"Ndimamvera nkhani."

"Sabata yatha inkalankhula Chipwitikizi. Ndinati mwina munachiphunzira kunjanji."

Alhaji anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere.

"Sindimva ndi liwu limodzi lomwe," anatero. "Chimwalirireni mayi a kunyumba, m'nyumba muja muli zii. Ndikazimitsa wailesi ndimamva makoswe kudenga ndi mtima wanga. Ndiye ndimangoisiya kuti izilankhula chilichonse chimene yapeza. Tulo timabwera pang'ono, timapita, mpaka nthawi ya swala."

M'chisakasa ana anafika kumapeto kwa sura, ndipo popeza palibe anawauza kuti asiye, anayambiranso poyamba. Che Idrisa anali akugonabe.

"Alhaji," anatero Shehe, "pabwalo panu pali nyumba zitatu, ndipo m'nyumba iliyonse muli munthu wochezera kuyang'ana denga. Makolo athu pomanga gowelo sankachotsa mwana pakati pa anthu. Ankamuchotsa m'manja mwa mayi ake n'kumuika m'manja mwa akulu ake. Inu mwamanga makoma abwino, mwakhoma malata, mwaikamo bedi ndi neti. Chinthu chimodzi chokha simunaikemo. Simunaikemo Che Wadi."

"Achimwene ndikawatenga kuti, Shehe?"

Ananena motsitsa kwambiri, ngati kuti sakufunsa Shehe.

"Simungawatenge. Koma mwa onse amene anagona m'gowelo lija, amene watsala ndi mphamvu zoyenda ndinu, ndipo amene anatsamira msana wa Che Wadi ndinu. Mukudziwa mmene zimachitikira. Kayaleni mphasa yanu m'gowelo la mdzukulu wanu."

Alhaji anadzutsa mutu.

"Ine? Munthu wa imvi, woti ndinapita ku Maka, ndikagone m'gowelo pafupi ndi khola la mbuzi? Anthu adzati chiyani?"

"Ku Makako munkagona m'nyumba ya nokha?"

"Ayi. Masiku ena tinkagona m'tenti, anthu mbwee. Kumutu kwanga kunali mapazi a munthu wa ku Nigeria, ndipo mkonono wake unkaposa wa Che Matemba."

"Tulo tinkabwera?"

Alhaji anaganiza, ndipo anadabwa ndi yankho lawo lomwe.

"Ndinkagona ngati mwana."

Shehe anatola loko uja pa mkeka, anagwira dzanja la Alhaji ndi manja awiri monga amachitira wamng'ono kwa wamkulu, n'kuwaika lokoyo m'chikhatho.

"Ndiye yankho langa ndi ili. Kwa mayi ake asabwerere. Pamenepo mwalondola, ndipo akandifunsa ndidzamuuza chomwecho. Loko wanu tengani, musamubweze kusitolo. Madzulo ano mukaswali Isha, swala yomaliza ya usiku, tengani mwanayo mukalowe naye m'gowelo, iye pa bedi lake, inu pa mphasa yanu pafupi naye. Wailesi muisiye kunyumba. Muzimuuza za Che Matemba ndi za Che Bakali mpaka asiye kuyankha. Muzitero mpaka tsiku limene mudzamuone akugona anthu onse ali chete. Chitseko mukhome ndithu, Alhaji, koma mukhomere mkati, inuyo muli momwemo."

Nthawi ya Asiri inakwana, ndipo Shehe anaimirira kukaitana swala. Alhaji Mdoka anakhalabe pampando, loko ali m'manja, akuyang'ana mdzukulu wawo. Mwana wina anafuna kumugwedeza kuti adzuke, koma iwo anamuletsa ndi chala, n'kupita kukamudzutsa okha pomugwira paphewa pang'onopang'ono. Shehe akudutsa, Alhaji anati, "Ndamva, Shehe. Ndavomera."

Abiti Lemani anauzidwa chigamulocho dzuwa likulowa, atagwada pakhonde pamaso pa amalume ake. Naye anavomera. Usiku, swala ya Isha itatha, ataona Alhaji akudutsa pabwalo, mphasa ili kukhwapa, mwana ali pambuyo atanyamula pilo, analowa m'nyumba, anakulunga mphasa yake imene inali kuseri kwa chitseko, n'kuibwezera kuchipinda.